Tsiku Limene a Bonifasiyo Anapsa Okha

Chotsani kafoni kanuko pamphuno panga, ndamva kale. Mukuti kwa Azungu kuli anthu amene amangoyaka okha ali khale pampando, popanda machesi, popanda parafini, n'kutsala miyendo yokha. Ndiye mwathamanga kudzandiuza ine ngati mwatola chinthu chachilendo. Ana inu, zimenezo ife kuno tinaziona kalekale mafoni asanabwere, ndipo sitinachite kudikira Mzungu kuti atiyambire. Bodza timalitha tokha. Sendera uko iwe Rozina, ukundiponda chala, ndikuuzeni za a Bonifasiyo.

Chinali chaka chachiwiri titabwerako ku Malawi, nkhondo itatha. Inu mukamva kuti tinabwerera kwathu mumaganiza kuti tinapeza pabwalo posesa ndi madzi osamba ali pamoto. Tinapeza tchire. Pamene panali nyumba ya amayi anga panali patamera mtengo woti n'kusema munsi. Malire a minda tinkawadziwira mitengo ya mango, koma tinapeza kuti mitengo ina inaphunzira kuyenda ife tili kutali. Amene anatsala kuno ankati ife tinathawira kokadya nandolo waulere, ife tinkati iwo anatsalira minda yathu. Komabe tikakumana panjira tinkapatsana moni ndi manja awiri, poti unali mtendere.

Ine ku Malawi ndinabwerako ndi chinthu chimodzi chaphindu, umisiri wokhoma zitini. Kumsasa wa othawa nkhondo kuja mafuta ophikira ankabwera m'zibekete zikuluzikulu, ndipo mkulu wina anandiphunzitsa kuzidula n'kupanga ndowa, makapu ndi makoloboyi. Koloboyi simukumudziwa inu a matochi: kachitini ka parafini, chingwe chansalu pakati, utsi wake wokwanira kudetsa mphuno za banja lonse. Ndinabwera ndi nyundo ndi lumo lodulira malata. Pokhomera ndinatola chidutswa cha njanji cha ku siteshoni ya kumalire ya Entre Lagos, n'kuchisenza pamutu tsiku lathunthu. Dazi mumaliseka ili linayambira pamenepo.

Masiku amenewo machesi anali chinthu cha anthu olemera. Munthu akapeza bokosi ankang'amba kamtengo kamodzi pawiri ndi lezala. Enafe moto tinkachita kupala. M'mawa umatuluka ndi phale, n'kuyang'ana denga limene likufuka utsi, n'kupita kukapempha khala. Nkhani zonse za m'mudzi zinkayenda ndi phale limenelo. Koma asodzi a pa Chiuta ankavutika, chifukwa m'bwato simuyenda phale, pomwe fodya amafunika kwambiri munthu akakhala pakati pa madzi. Ndiye ine, Zuze, mwa nzeru zanga zochuluka, ndinapanga kachibekete ka moto. Kanali kakang'ono ngati chibakera, kotibowola m'mbali, m'kati phulusa, pakati khala ndi chidutswa cha chitsononkho, pamwamba chivundikiro chotsekedwa ndi kawaya. Moto unkakhala m'menemo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Asodzi ankandiitana kuti amisiri, ndipo ine ndinkayenda ngati ndine ndinapanga komboyo, sitima ya panjanji ija.

A Bonifasiyo anali mnzanga wa kumsasa, ndipo ntchito yawo inali yowamba milamba ya anthu padoko. Koma anthu sankawadziwira ntchito. Ankawadziwira chikapote, chijasi chachikulu chofika m'maondo chimene anapatsidwa ndi msilikali wina nthawi ya Apwitikizi. Anathawa nacho, anabwera nacho, ndipo madzi chinkangowaona patali. Thumba lakumanzere linali nkhokwe ya milamba yowamba, pachifuwa panali popukutira manja. Mafuta a nsomba a zaka zonsezo anachilowerera mpaka chinkawala, mvula ikagwa inkangotsetsereka. Agalu ankawapatsa ulemu kuposa mmene anthu ankawapatsira. Kachasu ankamumwa bwino, koma anali munthu wopanda ndewu. Akakhuta ankangofuna pogona.

Akazi awo, mayi Lusiya, anali aafupi, olimbikira ntchito, ndi pakamwa pomveka mpaka tsidya la dambo. Chikapote chija ankadana nacho ngati mkazi mnzawo. Tsiku lina pachitsime, amuna awo akudutsa chapatali ntchentche zikuwaperekeza, anakuwa kuti, "Tsiku lina ndidzachitentha chikapote chimenecho, kaya mwiniwake ali momwemo!" Azimayi onse anaseka mpaka kugwetsa ndowa. Ndi mmene amayankhulira akazi okwatiwa. Agogo anu aakazi anandilonjeza madzi otentha kambirimbiri, koma taonani, khungu ndikadali nalo.

Tsono mayi Lusiya anali ndi dimba la mpunga ndi nthochi m'mphepete mwa dambo, limene anawasiyira amayi awo. Atabwerako ku Malawi anapeza kuti mukulima mlongo wawo, mwana wa mayi awo aang'ono, a Dominiko. Inde, a Dominiko omwewo, agogo anu akuchikazi, amene chithunzi chawo chili pakhoma kwanu atavala tayi. Musanditong'olere maso. Dimba lake ndi lomwelo mumakathyolako nthochi. Akuluakulu a mbumba anagwirizana kuti nkhaniyo adzaikamba mpunga ukakololedwa, ngakhale aliyense, ndi nkhuku zomwe, ankadziwa kuti dimbalo ndi la mayi Lusiya.

Tsiku lake linali la m'nyengo yozizira, mwera ukuomba wolowa m'mafupa. Ine ndinali kumanga ndowa panjinga kuti ndikagulitse pa siteshoni, pamene a Bonifasiyo anafika atanyamula kachibekete kawo.

"Amisiri, kawaya kotsekera kathyoka. Chivundikiro chikungoseguka chokha."

"Mubwere mawa, achimwene. Ndikuthamangira komboyo."

"Nanga lero ndisute chiyani, chala?"

Ntchito yake inali yosafika nthawi yomwera kapu ya thobwa. Koma ine ndinali ndi changu, ndipo waya anali pansi pa malata. Ndinatenga khala lonenepa pambaula panga, n'kuliika m'kachibekete, n'kumanga chivundikiro ndi luzi. Mwamva bwino, luzi. Mmisiri wathunthu, wophunzira kunja kwa dziko, kumanga chitini cha moto ndi khungwa la mtengo. Ndipo ndinawaona ndi maso angawa akukalowetsa m'thumba la m'kati mwa chikapote kuti kaziwafunditsa nthiti. Ndinangoseka, n'kukwera njinga.

Kumapeto kwa mudzi kunali kantina yakale, sitolo imene nkhondo inaisasula denga. Kunatsala makoma ndi simenti pansi. A Bonifasiyo ankakonda kugona m'menemo akakhuta, chifukwa mphepo sinkafika, ndiponso mawu a mayi Lusiya ankafika atatopa. Tsiku limenelo mudzi wonse unali kudambo kumweta mpunga. Ena anaona kautsi, ena anamva fungo, koma m'mbali mwa Chiuta fungo la chowamba si nkhani. Aliyense anangoti wina wapha milamba yonona.

Ndinabwerako dzuwa litapendeka, n'kupeza anthu atadzaza pa kantina, azimayi akulira atagwira kumutu. Ndinalowa. Ana inu, nkhondo ndinaiona, koma zimene zija sindinazionepo. Pakona panali mulu wa phulusa lonona, khoma litada ndi mwaye wamafuta. Kumapeto kwa muluwo kunali mapazi awiri, abwinobwino, atavala nsapato zawo za matayala. Pambali panali botolo la kachasu, losasweka, muli wotsala. Udzu umene unamera pakhomo unali wosapsa ngakhale umodzi.

Amuna tinatenga mkeka kuti tiwole zotsalazo. Ndikuwola, dzanja langa linagunda kanthu kolimba. Ndinakadziwa ndisanakaone, pajatu ndinakakhoma ndekha. Chivundikiro chinali pambali. Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kukalowetsa m'thumba la kabudula kakadali kofunda.

Mufunsa kuti chifukwa chiyani. Mantha, basi. Ndinali nditangoyamba kuoneka ngati munthu, agogo anu aakazi anali oyembekezera, theka la asodzi linali ndi zibekete zanga, ndipo abale a malemu akanandidya wamoyo. Ndinadziuza kuti wafa wafa, kuyankhula sikumudzutsa.

Ndiye poti panalibe chooneka chimene chinayatsa moto, nzeru zinayamba kutuluka m'mudzi ngati inswa. Woyamba anali pulofesolo, mphunzitsi wa pasukulu yathu ya pansi pa mtengo, mnyamata wa magalasi amene ankayenda ndi cholembera ngakhale popita kuchimbudzi.

"Izi n'zodziwika," anatero. "Ndinawerenga m'buku ndili ku Cuamba. Munthu akamamwa kwambiri, mowa umasanduka mpweya m'mimba. Mpweyawo ukakhulana ndi mafuta a m'thupi, phuu! Munthu amayaka yekha. Kwa Azungu zimachitika kawirikawiri."

Atangoti kwa Azungu, anthu anagwedeza mitu. Amuna a kachasu anasiya kumwa masiku awiri athunthu. Tsiku lachitatu anapeza nzeru yomakamwera kunyanja, miyendo ili m'madzi. Wina akageya, anzake ankabalalika. Mkulu wina ankagona ndi ndowa ya madzi kumutu, ndipo ndowayo ndinamugulitsa ndine, osaphethira n'komwe.

Zikanathera pamenepo bwenzi lero ndikukuuzani nkhani yoseketsa yokha. Koma maliro atatha, a Dominiko anayamba kufunsa mafunso, mwaulemu, pang'onopang'ono, pakhonde lililonse.

"Ngati ndi mowa, bwanji ine sindinapse? Ndimamwa kuposa alamu anga. Botolo silinasweke, udzu sunapse. Moto wamtundu wanji wosankha munthu? Moto umenewo unali ndi maso. Ndipo kodi ndani uja ananena pachitsime kuti adzatentha chikapote mwiniwake ali momwemo? Ine sindikunena kanthu, ndi mlongo wanga. Koma ku Malawi anthu anabwerako ndi zambiri, si mabulangete okha."

Azimayi omwe aja anaseka mpaka kugwetsa ndowa anakumbukira mwadzidzidzi kuti tsiku lija sanaseke, anachita nthumanzi. Wina anati anaona maso a mayi Lusiya atafiira. Pasanathe sabata, nkhani inali itapsa: a Bonifasiyo anayaka okha, inde, monga linanenera buku, koma anawayatsa ndi akazi awo ali kudambo ndi chikwakwa m'manja. Buku ndi ufiti zinagwirizana bwinobwino, palibe chimene chinaponda chinzake.

Chilango choyamba chinali cha moto womwewo. Palibe amene ankapala moto kwa mayi Lusiya, ndipo wawo ukazima palibe amene ankawapatsa. Ankayenda ndi phale khomo ndi khomo, n'kumauzidwa kuti wazima, utsi ukutuluka padenga. Masiku otero ankadya chinangwa chachiwisi. Pachitsime anzawo ankadikira kuti achoke. Ndipo mayi wa pakamwa paja anangoti zii. Ukawapatsa moni ankangogwedeza mutu. Anthu anati mwaona, chikumbumtima chawagwira.

Ine pambaula panga moto sunkazima, poti ndi wantchito. Ndiye ndinayamba kuwapatsa khala kuseri kwa shedi yanga, ndikaona kuti palibe akuyang'ana. Ndinkadziona ngati munthu wabwino kwambiri, ana inu. Ndinkabwerera kukakhoma ndowa mtima uli mbee, kachibekete kaja kali pansi pa njanji yanga. Zinayenda choncho masabata asanu. Tsiku lina atalandira khala anagwada, n'kuyankhula koyamba, motsitsa mawu.

"Mulungu akudalitseni a Zuze. M'mudzi muno mwatsala ndinu nokha munthu."

Mawu amenewo anandilasa kuposa kutukwana kulikonse kumene ndinalandirapo. Tsiku limenelo chakudya chinandikanika.

Akuluakulu a mbumba anakhala pansi pa mango kuti akambe za dimba, koma za dimba sizinakambidwe n'komwe. Nkhani inali yoti munthu wotere angakhale bwanji pakati pa ana. Mayi Lusiya anakhala pamphasa paokha, maso pansi. Ine ndinaimirira, n'kutulutsa kachibekete. Ndinanena zonse: kawaya, komboyo, luzi, thumba la m'kati. Ndinati luzi linapsa, khala linagwera m'chikapote, munthu ali m'tulo ta kachasu, utsi n'kumumaliza asanadzuke. Ndinayembekezera kumenyedwa, ndipo ndinali nditakonzeka.

Anandiseka. Mudzi wonse unaseka. A Dominiko anatenga kachibekete n'kukaika pamimba pawo kuti aliyense ayerekeze.

"Aka? Kophikira tiyi wa mbewa aka kangathe munthu wamkulu ndi mafupa omwe? Ife timaotcha mbuzi ndi mtolo wa nkhuni, mafupa amatsala."

"Ine ndimapanga makoloboyi," ndinatero. "Kachingwe kakang'ono kamamaliza botolo la parafini pang'onopang'ono, osatentha tebulo. Chikapote chija chinali chingwe. Mafuta anali a nsomba, kenako a mwiniwake."

"Ukuwatcha malemu koloboyi?" anakalipa mkulu wina. Pomwepo anandigamula nkhuku chifukwa chonyoza wakufa.

Pulofesolo anavula magalasi, n'kunena kuti n'zomvetsa chisoni kuona munthu wosapita kusukulu akutsutsana ndi buku. Kenako a Dominiko anandifunsa funso limodzi lokha loona pa tsiku lonselo.

"Ngati ndi choncho, amisiri, munali kuti masabata asanu onsewa?"

Ndinangoyang'ana zala zanga zakumapazi.

"Kapena pali china pakati pa inu ndi mlongo wangayu? Pajatu takhala tikuona mukupatsana moto kuseri kwa shedi."

Apo ndiye zinathera. Chifundo changa chobisa chija chinasanduka umboni. Ndikadatulutsa kachibekete tsiku loyamba, kali kofunda, anthu ali pomwepo, bwenzi atandimenya n'kuiwala. Koma choona chofika mochedwa chinapeza anthu atakhuta kale nkhani yokoma, ndipo nkhani yokomayo inali ndi dimba kumapeto kwake. Ndani akanaisinthanitsa ndi luzi? Anagamula kuti mayi Lusiya apite akakhale kwa mwana wawo wamkazi amene anakwatiwa ku Malawi, kuti mitima ya anthu izizire. Dimba aziliyang'anira a Dominiko mongoyembekezera. Analiyang'anira mongoyembekezera mpaka imfa yawo.

M'mawa mwake ndili pashedi, ndinaona mayi Lusiya akubwera ndi mtolo pamutu, mphika m'manja, khasu paphewa. Anaima patsogolo panga, poyera, osati kuseri. Anatula mtolo.

"A Zuze, zimene munanena dzulo zija n'zoona, kapena mumangondimvera chisoni?"

"N'zoona, mayi."

"Munadziwa liti?"

Ndinafuna kunama. Ndinafuna kunena kuti ndinakapeza posachedwa. Koma bodza linali litandithera.

"Tsiku lomwelo. Ndinakatola m'phulusa."

Sanalire, sanakuwe, ndipo ine ndinkalakalaka atakuwa ngati kale kuti mudzi wonse umve.

"Ine masabata onsewa ndimati ndine," anatero. "Ndimati pakamwa pangapa ndi pamene panawapha bambo aja. Ndinasiya n'kuyankhula komwe, kuopa kuti ndingaphenso wina. Ndimabwera kudzagwada pano ndikudziona ngati mfiti, inu mukudziwa."

Ndinati pepani. Ndi mawu aang'ono kwambiri, ana inu, ndinachita nawo manyazi akutuluka. Ndinati ndiwanyamulire katundu panjinga mpaka ku Entre Lagos.

"Musavutike," anatero. "Mwandithandiza kale mokwanira."

Anasenza okha mtolo wawo, osalola kuti ndiwatwike, n'kulowa njira ya kumalire. Anthu anaima m'makonde kuwayang'ana, ndipo palibe amene anawatsanzika. Anakhala ku Malawi zaka zambiri ndithu, akulima ganyu m'minda ya eni, mpaka anamwalirira konko. Uthenga wa maliro unafika kuno nthawi yabwino, njinga ndinali nayo, njira ndinkaidziwa. Sindinapite.